Madzi a nyanja ndi oyera mbee, nanga usipa umadya chiyani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amaweta nsomba m'madamu ku Zomba. Analemba kuti: "Alangizi amatiuza kuti tizithira manyowa m'damu mpaka madzi abiriwire, chifukwa madzi oyera alibe chakudya cha nsomba. Koma nditapita ku Nkhata Bay ndinaona madzi oyera moti miyala ya pansi imaoneka. Nanga usipa wonse uja umadya chiyani? Nyanjayi itathiridwa feteleza, nsomba sizingachuluke?"

Bambo, alangizi sanakunamizeni, ndipo maso anu anaona zoona. Madzi apamwamba a Nyanja ya Malawi ndi osauka pa michere imene zomera zimafuna, makamaka nayitrojeni ndi fosiforasi. Gwero lake ndi kuya. Cha kumpoto nyanjayi imafika mamita pafupifupi 700. Madzi apamwamba ndi ofunda ndiponso opepuka, apansi ndi ozizirirapo komanso olemera, motero sasakanikirana mpaka pansi. Chilichonse chikafa n'kumira chimapita ndi michere yake kumeneko. Kupitirira mamita 200 mpaka 250 mpweya wa okosijeni watheratu, kotero nsomba sizikhalako. Chakudya chilipo chambiri, koma chili m'nkhokwe yotseka. Pamalire pamene okosijeni akuthera, palinso mabakiteriya amene amasandutsa nayitrojeni kukhala mpweya, ndipo nyanja imaluzanso pamenepo.

Komabe madzi oyera aja si opanda kanthu. M'supuni imodzi yaing'ono muli mabakiteriya mamiliyoni, ambiri mwa iwo osayambitsa matenda, pamodzi ndi tindere toyandama timene simungatione popanda maikulosikopu. Pamene chakudya chili chochepa, wopambana ndi wamng'ono, chifukwa kanthu kakachepetsetsa khungu lake limakhala lalikulu poyerekeza ndi thupi, ndipo kamayamwa msanga kamchere kalikonse kodutsa. M'nyanja zamchere, kutali ndi gombe, kuli kamoyo kotchedwa Prochlorococcus, kosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Asayansi anakazindikira m'zaka za m'ma 1980 momwemu, chonsecho ndi kamodzi mwa zamoyo zochuluka kwambiri zopanga chakudya kuchokera ku dzuwa padziko lonse.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi liwiro. Taganizirani kamsika kakumudzi kumene ndalama n'zochepa. K1,000 imodzi ichoka kwa wogula tomato, ipita kwa wankhuni, masana ili kuchigayo, madzulo yabwerera kwa watomato. Ndalama ndi yomweyo, koma mabanja angapo adya. M'madzi zilinso choncho. Tindere timatulutsa timadzi totsekemera, mabakiteriya amadya timeneto, tizilombo tina ta selo imodzi timadya mabakiteriyawo, ndipo tinkhanu tosaposa milimita imodzi kapena awiri timadya zonsezi. Chimbudzi cha aliyense chimabwezera michere m'madzi, ndipo isanamire wina waitola kale. Tinkhanu timeneti ndi timene usipa ndi utaka zimadya, kenako ncheni imadya usipawo. Madzi amaoneka oyera chifukwa chomera chilichonse chimadyedwa chisanaunjikane.

Nkhokwe ija imatsekukako pang'ono pachaka. Kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti mwera ukamawomba, umakankhira madzi ofunda kumpoto, ndipo kummwera madzi ozizira okhala ndi michere amakwera pamwamba. Apo mtundu wa ndere za zigoba zonga galasi umachuluka. Mukaphatikiza ndi kusaya kwa nyanja cha ku Mangochi, mumvetsa chifukwa chake dera limeneli lakhala kwawo kwa chambo. Mwera womwe umaletsa asodzi kupalasa bwato ndi umene ukuwakonzera nsomba za miyezi yakutsogolo. Kukatentha, cha mu Novembala ndi Disembala, madzi amakhazikika ndipo nayitrojeni amasowa. Pamenepo pamabwera ndere ina yotchedwa Anabaena, imene imatenga nayitrojeni kuchokera mumpweya, monga amachitira mabakiteriya a m'mizu ya nandolo ndi soya.

Ngati munaona chinthu chonga utsi chikufuka pakati pa nyanja, zimenezo ndi nkhungu, tizilombo touluka tonga udzudzu. Mphutsi zake, zooneka ngati galasi, zimatsikira kumadzi osowa okosijeni masana kuthawa nsomba, usiku n'kukwera kudzadya tinkhanu tomwe tija usipa umafuna. Zikakula n'kuuluka, anthu a ku Nkhata Bay ndi Likoma amazikola n'kupanga ndiwo. Ndiye kuti ngakhale kuphompho kopanda mpweya kuja kuli ndi ntchito yake.

Tsopano za feteleza. Zoona zake n'zakuti tikuthira kale, mosafuna. Mitsinje ngati Linthipe, Bua, Dwangwa ndi Songwe imatsika ndi dothi lokokoloka m'minda ndi m'mapiri ometedwa mitengo, ndipo phulusa la moto wolusa limagwera m'madzi kuchokera mumlengalenga. Potulukira ndi pamodzi pokha, Shire, ndipo madzi ambiri amachoka ngati nthunzi, kusiya michere mommo. Zolowa lero zidzakhalamo zaka zambirimbiri. Matope amatchinga dzuwa ndi kukwirira ndere za pamiyala zimene nsomba za mbuna zimapala. Ndere zoyandama zikachuluka mopitirira, zimafa, zimawola, ndipo kuwolako kumadya okosijeni, kotero malo okhala nsomba amachepa. Ku Nyanja ya Victoria zachitika kale: madzi anabiriwira, ndere zimene tinkhanu sitidya bwino zinalanda malo, ndipo madzi akuya anayamba kusowa mpweya. Ine sindifuna kudzaona Cape Maclear ili chomwecho.

Damu lanu ndi losiyana. Ndi lakuya ngati mita imodzi, dzuwa limafika pafupifupi pansi, mphepo imalitakasa lonse, ndipo zikavuta mumaliphwetsa n'kuyambiranso. Pitirizani kuthira manyowa, mukuyesa ndi mkono monga alangizi amanenera: mukauviika mpaka m'chigongono chikhatho n'kusaoneka, lekani kaye. Ndipo tsiku lokolola, madzi obiriwira aja muwalozetse kudimba la masamba, asapite kumtsinje.