Musalipire pulotiyo musanakumbe dzenje

Amayi ena andilembera imelo. Akufuna kugula malo cha ku Chongwe, ndipo wogulitsa akulumbira kuti si dambo, pamauma bwinobwino. Adziwe bwanji?

Amayi, mu Okutobala paliponse ndi pouma, n'chifukwa chake ogulitsa amakonda mwezi umenewu. Zimandikwiyitsa, poti anthu amaimba mlandu mvula pamene vuto lili pansi. Taonani ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka: Lusaka inakhala pa miyala ya laimu, madzi apansi ali pafupi, ndipo pofika Febuluwale amatulukira okha m'mabwalo ndi m'zimbudzi.

Zomera zimaulula zambiri. Gumbwa safuna kuti mizu yake iume, ndiye pamene ali ndi chithaphwi cha chaka chonse, monga chithaphwi cha Lukanga, kumadzulo kwa Kabwe. Njedza ndi bango zimasonyeza madzi okhalitsa kapena apafupi pansi. Dambo lenileni ndi udzu wokhawokha, mitengo ya miombo imathera m'mphepete ngati wina anachita kuidulira malire, chifukwa mizu yake siipirira madzi a dzinja. Chigwa chosefukira ndi china: madzi ake amachokera kumtsinje, monga ku Kafue Flats, m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, kumene kusefukira kunasokonekera damu la Itezhi-Tezhi litamangidwa mu 1977.

Koma zomera zimapsa ndi lupsa, ng'ombe zimadya, wogulitsa amatchetcha dala. Ine sindingazikhulupirire pazokha.

Dothi

Kumbani dzenje lakuya masentimita 50 mpaka mita imodzi pamalo otsika kwambiri, lina kumtunda kuti mufananize. Nyemani chibuma, muone mkati mwake. Dothi lofiira lonse ndiye kuti mpweya umalowa, madzi sakhalitsa. Lotuwa la madonthomadontho ngati dzimbiri likutanthauza kuti madzi amakwera n'kutsika: mpweya ukasowa, chitsulo cha m'dothi chimasungunuka, ukabwerera chimachita dzimbiri, makamaka m'tinjira ta mizu. Pamene madonthowo ayambira, madzi amafika pamenepo. Lotuwa lokhalokha, nthawi zina lonunkha ngati dzira lovunda, ndiye kuti silimauma konse. Makande akuda ong'aluka ming'alu yolowa dzanja amafufuma akanyowa, ndipo amang'amba maziko ndi makoma.

Madonthowo akaoneka musanafike masentimita 50, Amayi, malowo ndi a dimba la repu ndi tomato m'chilimwe, osati nyumba kapena chimbudzi chokumba. Mukapitekonso mu Febuluwale mutavala magambutsi.