Mawu a anyamata oimbawa sabadwira mu situdiyo

Mayi, mwafunsa kuti mawu amene ana anu akutola m'nyimbo za masiku ano amachokera kuti, nanga bwanji mukangoyamba kuwazolowera iwo amakhala atawataya kale. Ndiyankheko momwe ndikuonera.

Ambiri amaganiza kuti oimba ndi amene amapeka mawuwa. Ine ndimakana. Mawu amabadwira pa siteji ya minibasi, pa bawo, m'mahostelo a sekondale, pa benchi ya ometa ku Ndirande kapena ku Kawale. Woimba amangotola n'kuika pa biti, ndiye mawu amene amadziwika ndi anyamata a mudzi umodzi amafika ku Mzuzu sabata yomweyo. Ofufuza za zilankhulo analipatsa kale dzina kalankhulidwe kameneka, amati Chibrazi.

Ndipo si za lero. Agogo athu amene ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela anabwerako ndi mawu awo. "Mfana" ndi wa Chizulu, "madala" anabwera njira yomweyo, koma lero ndani amawaona ngati achilendo? Chinasintha ndi liwiro basi. Nthawi ya Kamuzu wailesi inali imodzi, MBC, ndipo nyimbo ya mawu a mumsewu sikanadutsa. Zipani zitachuluka mu 1994, kenaka mawailesi oima paokha n'kutsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, rap ndi dancehall zinapeza poulukira. Pano TikTok ndi WhatsApp sizidikira n'komwe DJ.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi momwe anawa amawetera mawu obwereka. Tamverani mnyamata akutuluka mu situdiyo: "Aise, biti ija ndikuifila heavy, mafanzi ayaka nayo." Mawu ndi obwera, koma msana wa chiganizocho ndi Chichewa chenicheni: ndi-ku-i-fila, ma-fanzi. Sanaphonye lamulo ngakhale limodzi. Kwina amatenga mawu athu omwe n'kuwatembenuza. Wopanga nyimbo "amaphika" biti. Woimba akachita bwino pa shoo amati "wapha". Katswiri ndi "dolo", chinthu chachabechabe ndi "mbola". Gulu lililonse lilinso ndi kununkhira kwake: a reggae, monga a ku Chileka, amakoka za ku Jamaica n'kumatchula apolisi kuti Babylon, a hip hop amayang'ana ku America, ovina amapiano makutu ali ku South Africa.

Tsono poti mawuwa amafa msanga bwanji? Chifukwa ntchito yake ndi mpanda. Mawuwa amasonyeza kuti uyu ndi wathu, uyu ndi wakunja. Tsiku limene kampani ya foni yawaika pa chikwangwani, kapena wandale wawakuwa pa msonkhano pofuna mavoti a achinyamata, eni ake amanyansidwa nawo n'kusaka ena. Inunso Mayi mukadzangonena kuti "zili bho" pa tebulo, muone nkhope za anawo.

Mawu ena sapulumuka ngakhale chaka, amatha limodzi ndi nyimbo imene inawatchukitsa. Ochepa amakhazikika mpaka abusa kumawalankhula pa guwa osazindikira kuti anachokera ku ghetto.

Za kuwononga Chichewa, ine nkhawa yanga ili pena. Mwana amene amati "masteni" kwa anzake koma akafika pakhomo n'kunena kuti "amayi, ndabwera", ameneyo ali bwinobwino, akudziwa malo a mawu aliwonse. Woti mumukhazike pansi ndi amene walemba "masteni" mu chimangirizo cha mayeso a MSCE.