Kodi ranki imayeza luso la munthu kapena foni yake?

Mnyamata wina wa ku Nkhotakota wanditumizira imelo kudandaula kuti chifikireni pa ranki ya Diamond mu PUBG Mobile, masewera owomberana a pafoni, akumaphedwa ndi anthu amene sanawaone n'komwe, ndipo akufunsa ngati luso lili ndi ntchito m'masewerawa kapena akungomupondereza dala. Achimwene, funso lanuli landikumbutsa tsiku limene ineyo ndinalifunsa ndili wokwiya kwambiri.

Unali mwezi wa Okutobala, nyengo imene kuno ku Salima foni imatentha m'manja ngati mbale yochokera pamoto. Tinali anayi m'timu: ine, msuweni wanga wa ku Chipoka ndi anzathu awiri a ku Lilongwe, ndipo tinali titatha masabata angapo tikulimbana kuti tifike pa Crown, ranki yotsatira Diamond. Usiku umenewo, mwa anthu 100 amene tinatsika pa Erangel, chilumba chomenyeranapo m'gemuyi, tinatsala matimu awiri okha. Ndinaona mdani, ndinawombera, pasikirini yanga zipolopolo zinaoneka kuti zamupeza, koma amene anagwa ndi ine, ndipo ndinagwa nditabwerera kale kuseri kwa khoma. Ping yanga, nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva ndi kubwera, inali itadumpha kuchoka pa mamilisekondi cha m'ma 90 kupitirira 300. Ndinachotsa gemu m'foni, ndipo kwa masabata awiri ndinkauza aliyense kuti zonsezi n'zachinyengo.

Pa mkwiyo wangawo panali choona. Chilichonse chimene mwachita pafoni chimayenera kukafika kaye ku seva n'kubwerera, ndipo m'nthambo za intaneti uthenga umayenda makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi imodzi. Ngati seva ili ku Ulaya, mtunda woposa makilomita 7,000 kuchokera kuno, ndiye kuti mamilisekondi oposa 70 atha kale pa ulendo wopita ndi kubwera, ngakhale njira itakhala yowongoka. Komatu siyowongoka, chifukwa Malawi alibe gombe la nyanja yamchere, choncho intaneti yathu imadutsa m'mayiko oyandikana nawo kuti ikalumikizane ndi nthambo za pansi pa nyanja monga SEACOM, imene inayamba kugwira ntchito mu 2009, ndi EASSy ya mu 2010. Onjezanipo foni: yoonetsa zithunzi 30 pasekondi imasintha chithunzi pakatha mamilisekondi 33, pamene ya zithunzi 60 imasintha pakatha pafupifupi 17, ndipo foni ikatentha imadzichepetsera yokha liwiro. Pa bawo onse awiri amayang'ana thabwa limodzi, koma apa wina amaona zinthu mnzake asanazione.

Koma msuweni wanga anali atajambula masewera a usiku uja, ndipo atanditumizira anangolemba kuti, "Asuweni, taonani nokha ngati ndi netiweki imene inakutulutsani kuseri kwa khoma." Nditaonera ndinachita manyazi. Bwalo, malo otetezeka amene amanka nachepa m'gemuyi, linkatsekera mbali yathu, kutanthauza kuti adaniwo ndi amene anayenera kubwera kwa ife poyera, koma ine ndinatuluka chifukwa chofuna kupha womaliza ndekha. Ping inachedwetsa chipolopolo changa, koma chimene chinandiika pamalo ofera ndi dyera langa.

Kuyambira pamenepo sindivomerezanso zoti kukumanitsa anthu ofanana mphamvu ndi kupondereza. Ganizo loyeza mphamvu za osewera linachokera ku tchesi, kumene Arpad Elo anakonza njira yakuti wogonjetsa katswiri apeze mapointi ambiri kuposa wogonjetsa wophunzira kumene, ndipo bungwe la tchesi la padziko lonse la FIDE linayamba kuigwiritsa ntchito mu 1970. Microsoft inabweretsa TrueSkill mu 2005 kuti maganizo omwewo agwire ntchito pa masewera a matimu. Mu 2024 kampani ya Activision inaulula kuti inayesera mwakachetechete kufewetsa lamulo limeneli mu Call of Duty, ndipo anthu ambiri anayamba kusiya masewera pakati kapena osabweranso. Amene amalira kuti akufuna kukumana ndi aliyense mwachisawawa, kunena zoona akufuna kupatsidwa ana oti aziwawombera, ndipo chimenecho sichilungamo ngakhale pang'ono.

Chimene chikukuchitikirani, achimwene, ndikuganiza kuti ndi ichi. M'maranki a m'munsi monga Bronze ndi Silver, ambiri mwa adani amene munkapha mosavuta aja anali maboti, adani oyendetsedwa ndi kompyuta, osati anthu. Komanso mapointi a mu PUBG Mobile amadalira kwambiri kukhala moyo nthawi yaitali, moti munthu angathe kukwera pongobisala mu udzu osaphunzira kumenyana pafupi. Akafika pa Diamond amapeza anthu osewera ndi zala zinayi, ogwiritsa ntchito gyroscope (kuloza mfuti popendeketsa foni), omva mapazi a mdani m'mahedifoni asanamuone. Ranki imakhala itathamanga kusiya luso m'mbuyo.

Osachita chilungamo enieni alipo, ndipo sindiwamvera chisoni. Pali oika mapulogalamu oonera kuseri kwa makoma, ndiponso akatswiri otsegula akaunti yatsopano kuti azisautsa ongoyamba kumene. Achiwiriwa ambiri amawatenga ngati ochita nthabwala, koma kwa ine ndi akuba, chifukwa amalanda mapointi ndi bandulo ya mwana amene wasunga ndalama sabata yonse. Chimodzi chimene ndimayamikira n'chakuti osewera pakompyuta kudzera pa emulator, pulogalamu yoseweretsa magemu a pafoni pakompyuta, amawakumanitsa ndi anzawo a emulator, poti mbewa ya kompyuta ndi chala cha pagalasi sizingapikisane.

Nanga muchite chiyani?

Musanalowe masewera a ranki yang'anani ping, ndipo ikamadumphadumpha pitani ku Team Deathmatch kumene simutaya mapointi koma mumaphunzira kuwombera pafupi. Tsitsani kukongola kwa zithunzi kufika pa Smooth kuti foni ithamange, chotsani kava, ndipo musasewere ili pachaja. Popeza ping yanu ndi yaikulu, musamaime pakona kudikira mdani. Sankhani malo okwera ndi kumenya patali. Kenako jambulani masewera atatu amene mwaluza, muwaonere mawa lake mtima utatsika, ndipo mundilembere kuti ndi angati mwa atatuwo amene netiweki inakuphani.