Funsani Makaniko: Ford ya malemu bambo tiigulitse zingati?

Bambo Makaniko,

Ndine mphunzitsi, ndimakhala ku Mchengautuwa konkuno ku Mzuzu. Bambo athu anatisiya chaka chatha, ndipo mwa zina anatisiyira galimoto yakale imene anabwera nayo kuchokera ku Joni komwe anagwira ntchito zaka zambiri. Ndi Ford, kumbuyo kwake kunalembedwa kuti Fairmont GT, ndipo bulu buku ikuti ndi ya 1972. Yakhala mu shedi kuseri kwa nyumba zaka 14 osayenda, nkhuku zimaikiramo mazira. Wogula zitsulo zakutha anati atipatsa K900,000. Mwezi watha kunafika bambo wina woyendetsa thiraki wa ku South Africa, anaiyang'ana n'kunena kuti apereka K8 miliyoni pompopompo, koma tiyankhe akamadzadutsanso sabata ikubwerayi. Ndiye mlongo wanga waona pa intaneti galimoto yofanana nayo ndendende itagulidwa ndi madola oposa 1 miliyoni, akuti tikagulitsa motchipa tawanyoza bambo. Mayi nawo akufuna malata, nyumba ikudontha. Mtengo woyenera ndi uti?

Wothedwa nzeru, Mchengautuwa


Mayi,

Pepani ndi imfa ya bambo. Tisanapite patali, thamangitsanimo nkhukuzo, chifukwa zitosi zimadya penti ndi chitsulo chomwe.

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo chimene chandigwira si K8 miliyoniyo ayi, koma zoti muyankhe sabata ikubwerayi. Galimoto yakhala phee zaka 14, lero changu chachokera kuti? Sindikuti bamboyo ndi wakuba. Ndi wamalonda wa maso akuthwa, wazindikira chinthu chimene inu simunachizindikire, ndipo sakufuna kuti mupeze mpata wofunsa. Mwachita bwino kufunsa.

Fairmont GT si galimoto wamba. Kwenikweni ndi Falcon GT ya ku Australia, imene a Ford ankaitumiza ku South Africa ili zigawozigawo n'kumailumikiza ku Port Elizabeth kuyambira mu 1970 mpaka cha mu 1973. Zonse pamodzi sizinafike 2,000. Injini yake ndi V8 yotchedwa 351 Cleveland, masilinda 8, malita 5.8. Sienta imene mumakwera popita ku Ekwendeni ili ndi malita 1.5, ndiye ganizirani ma Sienta pafupifupi anayi atamangidwa pansi pa boneti imodzi. Ndi ya m'banja la magalimoto amene Amereka anawayamba cha mu 1964 ndi Pontiac GTO: bodi ya galimoto ya banja, injini ya chilombo. Mafuta atakwera mtengo pa dziko lonse mu 1973 anthu anawataya. Anyamata amene ankawasirira nthawi imeneyo lero ndi madala a ndalama zawo, ndipo akuwasakasaka. Ma Fairmont GT ambiri anakwezedwa kale pa sitima kubwerera ku Australia. Woyendetsa thirakiyo zimenezi akuzidziwa bwino.

Mlongo wanu sananame, koma wasokoneza mapasa. Ndikukhulupirira kuti imene waona ndi Falcon GT-HO Phase III. Maonekedwe ake ndi omwewo, koma inapangidwira mpikisano, zinapangidwa 300 zokha mu 1971, ndipo ndi imene dalaivala wina wotchedwa Allan Moffat anapambana nayo mpikisano wa magalimoto wa ku Bathurst, ku Australia, chaka chomwecho. Mu 2018 imodzi inagulidwadi ndi madola a ku Australia opitirira 1 miliyoni. Yanuyo ndi msuweni wake. Ulemu ali nawo, koma chuma cha mfumu sadya nawo. Muwauze achimwenewo atsike mumtengo, apo ayi galimotoyo iwolera mu shedi akudikira miliyoni.

Tsono ntchito yoyamba si kufunsa mtengo, koma kudziwa chimene muli nacho. Zilembo za GT kumbuyo musazikhulupirire, zimenezo munthu amagula n'kumata pa Fairmont wamba. Tsegulani boneti. Mupeza kachitsulo kafulati kokhomedwa ndi mariveti, kolembedwa manambala. Pukutani ndi nsalu yonyowetsa parafini, osapala ndi sandipepa, mujambule ndi foni. Fufuzaninso nambala yodindidwa pa injini ndi pa bodi, muyerekeze ndi za mu bulu buku. GT ya 1972 imakhalanso ndi bowo pa boneti pomwe chipewa chokokera mpweya chimatulukira. Chipewacho chinamangidwa pa injini, osati pa boneti, moti galimoto ikamalira chimanjenjemera, n'chifukwa chake eni ake amachitcha shaker. Zithunzizo mukazitumiza ku magulu a eni magalimoto amenewa a ku South Africa ndi Australia pa Facebook, alipo anthu amene manambalawo amawawerenga ngati kalata. Koma musatchule kumene galimoto ili.

Ndikulimbikira za injini chifukwa ndili ndi mlandu. Cha m'ma 1990, ndikadali mnyamata wonyada pa galaja ina ku Luwinga, bambo wina anabweretsa Chevrolet SS, ija imene ku Australia inali Holden Monaro. Anati ikumumaliza petulo. Ine, ndi nzeru zanga zonse, ndinatsitsa V8 ija, n'kudula mamaunteni ndi gasi, n'kuikamo injini ya dizilo ya masilinda 4 yochokera m'pikiapu imene inagubuduka ku Chikangawa. Tinasangalala tonse, mwini wake anandigulira ndi Fanta. V8 ija inakhala kuseri kwa galaja mvula ziwiri, tikumakhalira pakudya chimanga chowotcha, mpaka anyamata a zitsulo anadzaitenga pa wilibala. Lero ndikaganiza ndimachita manyazi. Ndinapha galimoto ndi manja angawa. Ndipo sindinali ndekha, amakaniko ambiri a msinkhu wanga tinachita zomwezo. Choncho musadabwe mukapeza kuti pansi pa boneti ya bambo pali injini ya Toyota. Ngati zili choncho, gawo lalikulu la mtengo lapita, chifukwa ogula magalimoto awa chimene amalipira kwambiri ndi galimoto imene ikadali ndi injini imene inabadwa nayo. Giyabokosi nayo ili ndi mawu: ya manja ya magiya 4 kawirikawiri imakwera mtengo kuposa ya otomatiki.

Mukapeza V8 ilipo, chonde, chonde, musalole munthu kubwera ndi batire kuti "tingoyesa ngati ingalire". Injini imene yagona zaka 14 mkati mwake ndi mouma, ndipo petulo wotsala mu thanki anasanduka phula. Petulo wathu kuno amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, amene amakoka chinyezi komanso amafewetsa mapaipi a labala akale. Kuiliza chomwecho n'kukanda masilinda, mwinanso kuyatsa moto shedi yonse. Makaniko wodziwa amamasula mapulagi onse 8, n'kuthira oyilo pang'ono m'bowo lililonse, n'kusiya masiku angapo, kenako n'kuyesa kutembenuza injini ndi sipanala pa bawuti ya pule yakutsogolo. Ikatembenuka ndi dzanja, ndi nkhani yabwino kwambiri, ndipo mujambule kanema. Ikakana, musaikakamize.

Koma mdani wamkulu kuno kwathu ndi dzimbiri. Mvula ya ku Mzuzu mukuidziwa, kwina akukolola ife ikadali kuwaza, ndipo m'mawa wa mu Juni chitsulo chilichonse chimachita thukuta. Galimoto imeneyi ilibe chasisi chapadera ngati lole kapena Land Cruiser. Bodi ndiye mafupa ake, ndiye ikawola pansi, yawola yonse. Tengani tochi ndi sikuludiraiva. Vundukulani kapeti pomwe dalaivala amaponda, mugogode. Chitsulo chabwino chimalira kuti ngwee, chowola chimangoti phu, nthawi zina sikuludiraiva imalowa n'kuona dothi pansi. Chitani chimodzimodzi mu buti pansi pa tayala lapadera, m'munsi mwa zitseko, m'mphepete mwa galasi lakumbuyo, ndi pansi pa galasi lakutsogolo pomwe masamba amasonkhana. Kenako kulungani maginito m'kansalu muwayendetse m'mbali mwa galimoto. Pamene akana kugwira, pamenepo pali fila, kutanthauza kuti inagundidwapo kapena inabooka wina n'kumata. Ngati shedi ya bambo ili ndi simenti pansi ndipo denga silidontha, mwina muli ndi mwayi. Ngati matayala anaphwa galimoto n'kukhala pamimba pa dothi, konzekerani kumva zowawa.

Pali chinthu china chimene anthu a mtima wabwino amalakwitsa. Amati tiipente kaye kuti ioneke bwino. Musayerekeze. Wogula wodziwa akaona penti watsopano pa galimoto yakale amakumbuka chikomekome cha mkuyu, amayamba kuganiza za nyerere zimene mwabisa, ndipo amatsitsa mtengo. Penti wakale wosuluka, mipando yong'ambika koma yake yeniyeni, wailesi yakale, zonsezo kwa iye ndi umboni. Ngakhale zinyalala za mu shedi musataye msanga: mawilo akale, kabuleta, mabaji, malisiti a ku Joni, chithunzi cha bambo ataima pambali pake. Zimenezo zimawonjezera ndalama. Kuikonza yonse kuti mudzagulitse bwino nakonso ndikukanizani. Masipeya ake simungawapeze mu Taifa, ngakhale ku Lilongwe. N'zoitanitsa kunja ndi ndalama zakunja zomwe zikusowazi, ndipo kawirikawiri wokonza galimoto yotere amawononga zambiri kuposa zimene adzapeze poigulitsa.

Tsopano masamu ake. Kampani ya inshulansi ya ku Amereka yotchedwa Hagerty, imene imatsata mitengo ya magalimoto akale, imawaika m'magulu anayi: 1 ndi yonyezimira ya pa chionetsero, 4 ndi yotopa koma yoyenda. Yanu siyenda, ndiye ili kunsi kwa gulu la 4. Poyerekeza mitengo, musaiyerekeze ndi zonyezimira. Mlongo wanu, poti intaneti amaitha, afufuze ma Fairmont GT atatu kapena asanu amene anagulidwa m'zaka ziwiri zapitazi ku South Africa ndi ku Australia, makamaka osakonza. Ndati amene anagulidwa, osati amene akutsatsidwa. Mtengo wotchula aliyense amatchula, ngakhale mayi wa tomato mumsika amayambira pamwamba. Mtengo weniweni ndi umene ndalama zinasinthira manja, ndipo makampani ogulitsa pa okushoni amaulemba poyera. Mukapeza mtengo wapakati, muchotsepo zimene wogula adzawononge kuti galimotoyo ikafike kumene kuli msika: kuikweza pa thiraki kuchokera kuno mpaka ku Johannesburg kudutsa malire angapo, mapepala, msonkho wa kumeneko, ndi phindu lake, poti naye sagwirira ntchito yaulere. Chotsalacho ndiye mtengo woyenera pakhomo panu ku Mchengautuwa.

Ndati kumene kuli msika chifukwa kuno kulibe. Ndani mu Mzuzu muno angagule V8 ya malita 5.8 pomwe takhala tikugona pa mizere ya mafuta? Mwina munthu mmodzi kapena awiri a ku Blantyre ndi Lilongwe okonda zakale. Ndiye musamuthamangitse woyendetsa thirakiyo, akhoza kukhala wogula wanu weniweni. Kungoti asakhale yekha. Wogula akadziwa kuti pali mnzake amene waona zithunzi, mawu ake amasintha.

Mwandifunsa mtengo, ndipo sindithawa. K900,000 ya wa zitsulo ija iwalani, iye akugula makilo. K8 miliyoni imamveka yambiri, koma pa mtengo wa ku banki sifika madola 5,000 a ku Amereka. Ngati manambala atsimikiza kuti ndi GT yeniyeni, injini ndi yake, ikutembenuka, ndipo pansi ndi polimba, ndalama imeneyo ndi moni chabe, kukambirana kusanayambe, ndipo ine sindingaigulitse pamenepo. Koma ngati ndi Fairmont wamba yomatidwa zilembo, kapena injini anasintha ndipo pansi panabooka ngati sefa, landirani K8 miliyoniyo ndi manja awiri, mumuphikire ndi nsima. Kumbukiraninso kuti kwacha imatha kugona ina n'kudzuka ina. Mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mukagwirizana mtengo, musalole zoti adzamaliza kulipira miyezi ikubwerayi. Ndalama zonse zilowe ku banki, muzione ndi maso, ndiyeno galimoto ituluke mu shedi.

Za mapepala musazitenge mopepuka. Bulu buku ikadali m'dzina la malemu, ndipo malinga ndi lamulo la chuma cha masiye la mu 2011, galimotoyo si yanu nokha kapena ya mlongo wanu. Mayi ndi ana onse ali ndi gawo. Pitani ku ofesi ya DC kapena ya Administrator General akakuuzeni kalata imene ikufunika kuti mmodzi wa inu akhale ndi mphamvu yosaina ku Road Traffic. Galimoto yotuluka m'dziko imafunanso chilolezo cha apolisi chotsimikiza kuti si yobedwa, ndi mapepala a MRA. Pitani nokha, osadzera mwa madobadoba oima pa geti. Wogula akanena kuti mapepala safuna, adzaona yekha pa boda, dziwani kuti tsiku lina apolisi adzagogoda pa khomo la dzina limene lili mu bulu buku.

Bamboyo akabwera sabata ikubwerayi, mulandireni bwino, mumuuze kuti banja likukonza kaye makalata a chuma cha masiye, zomwe ndi zoona, ndipo mutenge nambala yake. Ngati galimotoyo ndi imene iye akuiganizira, adzaimba yekha. Za denga la mayi, gulani kaye malata ochepa a pamene pakudontha kwambiri, ngakhale pa ngongole ya ku SACCO ya aphunzitsi. Ndipo limodzi mukhome pa shedi, pamwamba pa boneti.