Achimwene, za ERCP ya alamu zija ndi izi

Eee achimwene mwadzuka bwanji kumeneko, pepani ndachedwa kuyankha ndinali pa naiti ndangolowa kumene m'nyumba, nde ndingolankhula basi zolemba manja akana. Ndamva funso lanu lija, mwati madokotala ku Joni kumeneko apeza kuti alamu kamwala katseka njira ya ndulu ndipo akufuna kuwapanga ERCP, ija yochotsa mwalawo ndi kapaipi kodzera pakamwa, nde mukufunsa ngati ndi opaleshoni yong'amba pamimba komanso ngati asayine pepala lovomereza lija. Asayine achimwene, ine ndimagwira ntchito mbali yomweyi, sang'amba munthu ayi.

Mukudziwa kathumba kobiriwira kaja timachotsa mosamala tikamatumbula nkhuku kuopa kuti nyama ingawawe? Eya, ndulu imapangidwa m'chiwindi, imasungidwa m'kathumba kameneko kenako imatsika pa kanjira kakang'ono kukagwera m'matumbo. Nde kamwala kakachoka m'kathumba nkukakhala pa kanjirako ndulu imasowa kolowera, imabwerera m'magazi, mpake maso a alamu ali chikasu, mkodzo uli ngati tiyi wopanda mkaka, chimbudzi chotuwa, usiku akungodzikanda osagona. Azakhali ndaona mwalemba kuti adye nzimbe, adye ndithu ngati akuzifuna koma nzimbe sizingasunthe mwala azakhali, ndikunena mwaulemu.

Tsiku lakelo akhale osadya maola 6, akafika awabaya mankhwala ogonetsa pa dilipi, awagoneka chafufumimba kapena chammbali kumanzere, kenako aluma kapulasitiki koteteza mano nde dokotala alowetsa kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kunsonga, kukula ngati chala, kudzera pakamwa kutsika kummero, m'chifu mpaka poyambira matumbo aang'ono pamene pali kabowo kotulukira ndulu. Pamenepo amapopera mankhwala ooneka pa X-ray kuti aone pomwe mwala uli, amakuza kabowoko pang'ono pocheka, nkukoka mwalawo ndi kabaluni kapena kadengu ka waya. Ine mpaka lero ndimasangalala ndikamaona pa sikirini, kamwala ngati njere ya mtedza kakungoti phuu kutuluka, pambuyo pake ndulu yakuda bii ikukhuthuka ngati mwatsegula ngalande yotsekeka nthawi ya mvula. Mwalawo amangousiya m'matumbo umatuluka wokha kuchimbudzi. Nthawi zambiri mphindi 30 mpaka ola limodzi zatha, ambiri sakumbuka nkomwe, amangodandaula kukhosi.

Koma sindikunamizani kuti palibe chiopsezo. Kabowo komweko ndi komwe kamatulukiranso madzi a pancreas, ija ena amati kapamba, nde ikagundidwagundidwa imatha kutupa, mwa anthu 100 pafupifupi 5 zimawachitikira, ambiri mwa iwowo amachira patangopita masiku ochepa ali pa dilipi koma ena zimakula ndithu. Ndi chifukwa chake amaika mankhwala a diclofenac kapena indomethacin kumbuyo kochitira chimbudzi kuti achepetse vutoli, alamu muwauziretu asadzadabwe kapena kuchita manyazi, tonse timadutsa momwemo. Kutaya magazi kapena kubooka thumbo kumachitika koma mwa apo ndi apo. Chofunika auze dokotala mankhwala onse amene akumwa, makamaka ochepetsa kuundana kwa magazi ngati warfarin kapena clopidogrel, ngakhale azitsamba aja anatumizidwa pa basi kuchokera kumudzi, asabise. Komanso ngati pali mwayi woti ndi oyembekezera anene, paja pali X-ray.

Tsono chimene chikundidetsa nkhawa ine si ERCP yo ayi, ndi masiku amene mukudikirawa. Ndulu ikaima malo amodzi tizilombo timaswana, nde mukangoona alamu thupi latentha, akunjenjemera, mimba ikupweteka kumanja pansi pa nthiti kapena ayamba kubalalika mutu, chonde chonde musati ndi malungo mukagule mankhwala pa famase, ife Amalawi chilichonse chotentha thupi timati malungo, tengani Uber usiku womwewo mupite ku casualty mukawauze kuti ali ndi mwala mu njira ya ndulu, musadikire deti ija. Chimodzimodzi akatuluka, mimba ikamapweteka kwambiri mpaka kumsana, kusanza, kapena chimbudzi chakuda ngati phula, abwerere msanga. Ndipo tsiku la ERCP lo mupemphe ofu kuntchito mukakhale gadiyani, sangabwerere okha mankhwala ogonetsa aja amakhala asanathe m'thupi.

China, mwala ukakanika kutuluka ulendo woyamba amasiyamo kapaipi kapulasitiki kotchedwa stent kuti ndulu izidutsa. Kameneko si kamuyaya, pakatha miyezi ngati 3 kamayenera kuchotsedwa kapena kusinthidwa apo ayi kamatsekeka. Tinalandirapo bambo wina anamva bwino nkuiwala, anabwera patatha chaka ali kayakaya. Nde musanatuluke mufunse kuti stent mwaikamo kapena ayi, ndipo tibwerenso liti. Mufunsenso za kuchotsa kathumba ka ndulu kaja, poti fakitale ya miyala ndi imeneyo, mukakasiya miyala ina idzatsikanso, ndipo munthu amakhala bwinobwino popanda iko.

Pepala lotulukira akakupatsani mulijambule munditumizire ku inbox osati pagulu pano. Alamu muwapatse moni, ndiwaimbira madzulo ndikadzuka, maso akulemera apa.