Ngati pulatinamu sachita dzimbiri, amafookeranji mu fuel cell?

Bambo wina wogwira ntchito kumigodi ya ku Rustenburg, ku South Africa, wandilembera imelo. Akuti: "Pulatinamu timakumba kunoyu amati sachita dzimbiri. Nanga bwanji ndikumva kuti mu fuel cell amatha mphamvu?"

Zikomo bambo, mwafunsa penipeni pagona nkhani.

Mu fuel cell, monga ya m'galimoto, haidirojeni ndi okosijeni zimakumana n'kutulutsa magetsi ndi madzi. Pulatinamu ndiye catalyst, kutanthauza chofulumizitsa ntchitoyi, makamaka kumbali ya okosijeni komwe zinthu zimayenda mwaulesi. Poti ndi wodula, amamugawa kukhala tinjere ta mananomita 2 mpaka 5 (mu milimita imodzi muli mananomita miliyoni), n'kutimwaza pa fumbi la kaboni. Ntchito imachitikira pamwamba pa kanjere pokha, ndiye tinjere tikachepa msinkhu, malo ogwirira ntchito amachuluka.

Koma kuchepako ndi kumenenso kumatipweteka. Mkatimo muli asidi, ndipo voteji imakwera n'kutsika dalaivala akamaponda ndi kusiya moto. Tinjere tating'onoting'ono timasungunuka, pulatinamu wake n'kukamatirira pa tokulirapo. Tina timasendezana mpaka kuphatikana. Poyatsa ndi pozimitsa galimoto kaboni uja amadyeka, tinjere n'kuyoyoka ngati chimanga chofumbwa. Si dzimbiri ayi. Pulatinamu wambiri akadali momwemo, kungoti waundana, ndipo wamkati mwa chibuma sakumana ndi okosijeni.

Njira imodzi yolimbana ndi vutoli ndi kusakaniza pulatinamu ndi zitsulo zina. Mu 2007, asayansi Vojislav Stamenkovic, Nenad Markovic ndi anzawo anaonetsa kuti pulatinamu wosakaniza ndi nickel atha kugwira ntchito mwachangu kuposa pulatinamu payekha maulendo 10. Toyota Mirai, galimoto ya fuel cell yomwe inatuluka mu 2014, anaiikira wosakaniza ndi cobalt. Tsoka lake asidi amakokolola cobalt pang'onopang'ono. N'chifukwa chake akatswiri amawotcha tinjereti kuti maatomu akhale m'mizere yadongosolo, kunja kutakutidwa ndi khungu la pulatinamu, ndiponso amasankha kaboni wolimba wofanana ndi graphite.

Ine nkhani yoti apeza catalyst yachangu kuposa zonse sindithamangira kuiombera m'manja. Ndimayamba ndafunsa kuti yatsala ndi mphamvu zingati voteji itakwezedwa n'kutsitsidwa maulendo 30,000, monga amayesera a Department of Energy ku America. Pamenepo m'pomwe thiraki yoyenda usana ndi usiku imadalira.

Ndipo ntchitoyi sili kutali nanu, bambo. South Africa, komwe kumachokera pafupifupi 70 peresenti ya pulatinamu wokumbidwa padziko lonse, inakhazikitsa pulogalamu ya kafukufuku wa haidirojeni yotchedwa HySA mu 2008, ndipo kafukufuku wa ma catalyst amatsogolera ndi University of Cape Town pamodzi ndi Mintek, bungwe la boma lofufuza za miyala ya m'migodi.