Asisi, ikani app yolondola basiyo, koma muzidziwa nambala yoikhulupirira

Asisi, ndaliona funso lanu lija, loti mwatopa kuima pa siteji osadziwa kuti basi ili pati, ndiye mukufunsa ngati ma app olondola basiwa amathandizadi kapena angokutherani bandulo. Ine ndikuti ikani. Koma musayembekeze kuti basi iyamba kubwera msanga ayi, basi ndi yomweyo, dalaivala yemweyo, jamu yomweyo. Chimene chimasintha ndi kadikiridwe kanu, ndipo chimenechi sichaching'ono ngati mmene chikumvekeramu.

Mukudziwa mmene zimakhalira, waima pa siteji khosi lili kumsewu, galimoto iliyonse yaikulu ikatulukira pakona mtima phaa, kenako waona kuti ndi lole. Sungapite kukagula kanthu, sungakhale pansi, olo kuyankha foni bwinobwino sungathe chifukwa ukuopa kuti ikudutsa. Mphindi 10 zoterozo zimakhala ngati theka la ola. Izi si zongomva mumtima chabe, ku Seattle ku America anafufuza pa anthu okwera mabasi, ena mwa iwo ogwiritsa ntchito app ya OneBusAway, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2011 zinaonetsa kuti amene alibe uthenga wa pomwe basi ili amaona ngati adikira nthawi yaitali kuposa imene adikiradi, pomwe amene ali ndi app amadikira mochepera ndi pafupifupi mphindi 2, chifukwa amanyamuka pakhomo atadziwa kale. Mphindi 2 mwina mukuti ndi zochepa, koma ine chimene ndimayamikira ndi chakuti mphindi zodikirazo zimakhala zanga, ndimadikirira mnyumba nditakhala pampando, osati pamvula. Ndipo kwa ife azimayi, usiku, kuima wekha pa siteji ya mdima mphindi 3 ndi kuima mphindi 25 ndi zinthu ziwiri zosiyana kwambiri, pamenepa pokha app yalipira kale bandulo yake.

Tsopano apa ndi pamene ambiri amakhumudwira. App imaonetsa mitundu iwiri ya nthawi ndipo zimaoneka zofanana ukayang'ana mothamanga. Ina ndi nthawi ya pa ndandanda, yomwe kampani inalemba kuti basi imayenera kufika nthawi yakuti, ina ndi nthawi yeniyeni yochokera ku GPS yomwe ili m'basimo. Pa app ya Transit nthawi yeniyeni imakhala ndi timizere tonga mafunde pambali pa nambala, pa Google Maps imakhala ndi mtundu wake, kawirikawiri yobiriwira ngati basi ili pa nthawi. Nambala yopanda chizindikiro ndi lonjezo chabe la papepala, basiyo mwina sinatuluke nkomwe ku depoti.

Ineyo zinandichitikirapo tsiku lina madzulo, foni ikuti mphindi 6, kenako 4, kenako 2, ndinapinda ambulera ndikutulutsa ndalama kugwira mmanja, kenako ikuti basi yafika, koma msewu uli mbee, ndiye nambala ija inangozimiririka pa sikirini nkubwera ina ya mphindi 30. Ndinakwiya zedi. Mawa lake ndi pamene ndinazindikira kuti ndimawerenga nthawi ya pa ndandanda, ulendo umenewo a kampani anali atauchotsa koma sanalembe mu sisitimu. Zoterezi zimachitikanso GPS ya m'basi ikafa kapena dalaivala akapanda kulowetsa nambala ya ulendo wake pa makina, basi ikuyenda ndithu koma app siikuiona.

Olo nthawi yeniyeniyo ndi yongoyerekeza, kompyuta imatenga pomwe basi ili ndi liwiro la masiku onse pa msewu umenewo nkuwerengera. Ndiye ikamati mphindi 3 ikhulupirireni, ikamati 20 muziionanso pakapita kanthawi chifukwa pakati pamenepo pali maloboti, jamu, anthu ambiri okwera. Ndipo nthawi zina imalumpha kuchoka pa 8 kufika pa 3 msewu ukatseguka, nchifukwa chake ine ndimanyamuka ndikusiya mphindi 3 kapena 4 zapadera. Ngati app yanu ili ndi mapu, muziyang'ana kabasi kakuyenda pa mapupo kuposa nambala, kakaima malo amodzi nthawi yaitali mwadziwa kale kuti kuli vuto. Mapu amathandizanso basi ziwiri zikatsatana pafupi, yoyamba imakhala yodzaza thothotho chifukwa yatola anthu onse, ndiye ukaona kuti ina ili mphindi 2 kumbuyo umangoisiya yoyambayo nkukwera yachiwiri uli ndi mpando.

Musanaike chilichonse fufuzani kaye ngati kampani ya mabasi mumakwerayo imatulutsa uthenga wa GPS, chifukwa ma app ambiri monga Google Maps, Transit, Moovit ndi Citymapper amadalira zimene kampaniyo yawapatsa. Njira yogawira uthengawu imatchedwa GTFS, anaiyamba a Google ndi a TriMet, bungwe la mabasi ndi masitima la ku Portland ku America, mu 2005, ndipo mbali yake ya nthawi yeniyeni inabwera mu 2011. Ndiye ngati kampani siitulutsa, kusinthasintha ma app nkungotaya nthawi, onse azikuonetsani ndandanda yomweyo. Ndipo pamene galimoto imanyamuka ikadzadza osati pa nthawi yoikika, palibe app ingakuuzeni zoona, poti ngakhale dalaivala mwini wake sakudziwa kuti anyamuka nthawi yanji. Ngati kampaniyo ili ndi app yakeyake yambani ndi imeneyo, nthawi zambiri ndi imene imalengeza msanga za misewu yotsekedwa ndi maulendo ochotsedwa.

Za bandulo musade nkhawa kwambiri, kungoona nthawi sikudya data ngati mavidiyo, chimene chimatha ndi batire ngati mwasiya location ili yoyatsa tsiku lonse. Pitani ku ma setting muike kuti izigwira pokhapokha app ili yotsegula, zimathandizanso kuti isamalembe paliponse mwapita. Sungani masiteji anu awiri kapena atatu kuti muzingotsegula nkuona, ndipo nthawi ya basi yomaliza usiku muilembe penapake kapena muiloweze, foni imatha kuzima pa nthawi yoipa.

Sabata yoyamba muziyerekeza zimene app yanena ndi nthawi yomwe basi yafikadi pa siteji yanuyo, mmawa ndi madzulo padera chifukwa madzulo imaphonya kwambiri. Pakatha masiku 5 mudzakhala mutadziwa kuti pa msewu wanu imalakwitsa ndi mphindi zingati, ndiye mudzatiuze muno kuti zayenda bwanji.